Kuyambitsa kalabu ya paintball pa yunivesite ndi kusunga mbiri yake kuti isafe oyambitsa akachoka

Paintball ndi masewera owomberana timipira ta penti ndi mfuti zoyendera mpweya, ndipo womenyedwa amatuluka m'masewera. Kalabu ya paintball pa yunivesite kawirikawiri imayamba ndi anthu atatu kapena anayi amene masewerawa anawalowa m'magazi, ndipo imatha tsiku limene womaliza wa iwo wavala gauni n'kulongedza katundu. Ofuna kusewera amakhalapo ndithu chaka chilichonse, koma palibe wodziwa komwe kuli kiyi wa kabati ya zida, tsiku limene mathanki a mpweya anayezedwa komaliza, mwini bwalo amene ankagulitsa timipira motsitsa, ngakhale pasiwedi ya imelo ya kalabu. Wophunzira amakhala pasukulu zaka 3 kapena 4 zokha. Choncho amene mukuyambitsa kalabu dziwani kuti mukumangira anthu amene simudzawaona, ndipo kulemba mbiri ya kalabu kuyambe tsiku lomwelo limene mukukasaina mapepala oyamba.

Malangizowa akukhudza makamaka mayunivesite a ku America ndi ku Britain, komwe makalabu otere ndi ambiri, komanso ku South Africa komwe mabwalo a paintball alipo. Ophunzira akwathu amene ali m'masukulu amenewa angawagwiritse ntchito momwe alili.

Pomwe masewerawa anayambira

Masewera oyamba a paintball anachitika mu Juni 1981 m'nkhalango ya ku Henniker, m'chigawo cha New Hampshire ku America, ndipo osewera anali 12. Anawakonza ndi Charles Gaines, wolemba mabuku, Hayes Noel, wamalonda a masheya, ndi Bob Gurnsey, wogulitsa zida zamasewera. Mfuti yawo inali Nel-Spot 007 ya kampani ya Nelson Paint Company, imene anthu a zankhalango ankaikira chizindikiro pamitengo yoti idulidwe, alimi nawo pa ng'ombe zawo. Aliyense anasewera payekha, kutolera mbendera m'nkhalangomo. Anapambana ndi Ritchie White, katswiri wa zankhalango, amene anatolera mbenderazo osawombera n'kamodzi komwe. Penti ya nthawi imeneyo inali ya mafuta, yosachoka ndi madzi, mpweya unkachokera m'tizitsulo ta CO2 ta magalamu 12, ndipo kumaso ankangovala magalasi wamba ogwirira ntchito. Kenako Gurnsey anatsegula kampani ya National Survival Game, masewerawa n'kufalikira. Atafika m'masukulu, ophunzira a ku America anakhazikitsa bungwe lawolawo, National Collegiate Paintball Association, loyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, kuti lizikonza mipikisano ya makoleji.

Mbiri imeneyi muidziwe pamtima, chifukwa idzakuthandizani mu ofesi. Mkulu wa pasukulu akangomva mawu oti mfuti, nkhope imasintha. Mufotokozereni kuti chidachi chinayamba ngati choikira chizindikiro, ndipo n'chifukwa chake osewera amachitcha marker mpaka lero. M'makalata onse opita ku yunivesite lembani marker. Muno tipitiriza kunena kuti mfuti kuti timvane msanga.

Mapepala a ku yunivesite

Ku Britain kalabu imalembetsedwa ku bungwe la ophunzira, students' union, ku America ku ofesi ya club sports kapena ya magulu a ophunzira. Zimene amafuna zimafanana: komiti ya wapampando, mlembi ndi msungichuma, mndandanda wa ophunzira amene asaina kuti alowa, malamulo oyendetsera kalabu, ndi chikalata chofotokoza ngozi zimene zingachitike ndi momwe mudzazipewere. Chiwerengero cha mayina chimasiyana sukulu ndi sukulu, ndiye funsani musanayambe kuzungulira ndi pepala.

Pa maudindo atatuwo onjezerani wachinayi, woyang'anira zida. Ndiyeno m'malamulo anu muikemo ndime ziwiri zimene makalabu ambiri amaziiwala. Yoyamba inene kuti mu komiti muzikhala munthu mmodzi kapena awiri amene sali m'chaka chomaliza. Yachiwiri inene kuti chisankho chizichitika kutatsala miyezi iwiri kuti chaka cha maphunziro chithe, kuti komiti yakale ndi yatsopano ziyendere limodzi ulendo umodzi wa kubwalo. Chisankho cha sabata ya mayeso chimabala komiti ya pa pepala pokha.

Ndalama zonse zidutse ku akaunti ya kalabu imene yunivesite yakupatsani. Zikangolowa mu akaunti ya munthu, ngakhale wokhulupirika chotani, kalabu yataya umboni wa zimene inagula, ndipo mwini akauntiyo akachoka mumayamba kukangana kuti mamasiki aja ndi a ndani.

Funsani msanga, ndipo yankho likhale lolemba, za komwe zida zizisungidwa. Mayunivesite ambiri saloleza mfuti za paintball m'mahositelo ngakhale m'galimoto yoimikidwa pasukulu, ndipo wophunzira wogwidwa nayo akhoza kuzengedwa mlandu wofanana ndi wa chida chenicheni. Njira zake ndi kabati yokhoma ku nyumba yamasewera, ofesi ya alonda a pasukulu, kapena kusiya zida kubwalo komwe mumasewera. Ponyamula, thanki ikhale yochotsa, mfuti ili m'chikwama chotseka. Funsaninso ngati inshuwalansi ya yunivesite imafika pa masewera ochitikira kunja kwa sukulu, komanso pa ulendo wa pagalimoto za ophunzira.

Bwalo lipezeke zida zisanagulidwe

Chaka choyamba musagule mfuti. Pezani bwalo lamalonda lokhala ndi oyimbira masewera ake, ukonde wotchinga, makina oyezera liwiro ndi podzazira mpweya. Ku Britain yang'anani ngati bwalolo lili m'bungwe la UK Paintball Sports Federation. Kakumaneni ndi mwini bwalo maso ndi maso, mumuuze kuti muzibwera kangati pa temu ndiponso anthu angati, mupemphe mtengo wa gulu. Mabwalo amapeza phindu lalikulu pa timipira, ndipo ambiri saloleza timipira tochokera kwina, kotero mtengo wofunika kunenerera ndi wa bokosi la timipira, kuposa wa pakhomo. Zimene mwagwirizana zilembedwe ndipo zisungidwe mu fayilo ya kalabu.

Kusewera m'nkhalango ya mnzanu kapena kuseri kwa sukulu musakuyese n'komwe. Kulibe ukonde, kulibe woyeza liwiro, ndipo munthu wongodutsa alibe masiki.

Masiki, mfuti, mpweya, timipira

Ndalama zikayamba kupezeka, yambani ndi mamasiki, ndipo apa musaumire. Kampira ka saizi ya .68 ndi ka mamilimita 17 m'mimba mwake, kamalemera magalamu 3, ndipo pa liwiro la mafiti 300 pa sekondi kamathamanga mamita 91 pa sekondi. Pakhungu kamasiya kabala kozungulira kotha m'masiku ochepa. Koma kukula kwake n'koti kamalowa pakati pa mafupa ozungulira diso osakhudza fupa lililonse, mphamvu yonse n'kuthera padiso penipeni. Gulani mamasiki opangidwira paintball, okwaniritsa muyezo wa ASTM F1776. Magalasi owotcherera zitsulo, a panjinga yamoto kapena a mu labotale sayenera.

Sankhani galasi la thermal, limene ndi magalasi awiri ophatikiza okhala ndi mpweya pakati. Galasi limodzi limachita nthunzi munthu akangotuluka thukuta, ndipo wosewera watsopano akasiya kuona, dzanja limapita lokha kukakweza masiki ali pakati pa bwalo. Ngozi zambiri za maso zimachitika masiki atavula kapena atakweza. Kunja kwa galasi tsukani ndi madzi ndi kansalu kofewa ka microfibre. Mkati musakhule, ingogunditsani kansaluko pang'onopang'ono, chifukwa mbali imeneyo imakalika msanga. Musaviike galasi la thermal m'madzi, poti madzi akalowa pakati sachokamo. Mankhwala otsukira mawindo amafooketsa pulasitiki ya galasi ngakhale diso silikuona. Galasi likachita mng'alu, ngakhale waung'ono pakona, litayeni tsiku lomwelo, ndipo ena onse muziwasintha kamodzi pachaka.

Mfuti za kalabu zikhale zosagwiritsa batire, ndipo zonse za mtundu umodzi. Tippmann 98 Custom ndi Planet Eclipse Emek ndi zimene mabwalo ambiri amabwereketsa, chifukwa zimapirira matope ndi manja a anthu osadziwa. Mukakhala ndi mfuti 10 zofanana, paketi imodzi ya timalabala totsekera mpweya ndi zokonzera imakwanira zonse, ndipo imodzi ikafa imadyetsa zinzake. Mfuti 10 za mitundu 6 ndi mutu waching'alang'ala kwa woyang'anira zida. Mfuti zamagetsi zothamanga zisiyireni osewera a timu ya mpikisano azidzigulira okha.

Pa mpweya pali njira ziwiri. CO2 imakhala yamadzimadzi m'thanki, ndipo mphamvu yake imatsatira kutentha: pa madigiri 21 imakhala pafupifupi 850 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya), kukazizira imatsika, thanki ikakhala padzuwa imakwera. Ndiye mfuti imene munaiyeza m'mawa kukuzizira ikhoza kudutsa malire masana, wina aliyense asanaigwire. Thanki ya CO2 imadzazidwa poyeza pasikelo, ndipo ya ma ounce 20 isapitirire ma ounce 20. Njira yachiwiri ndi mpweya wamba wopanikiza, umene osewera amati HPA. Uwu susinthasintha motero, ndipo ndi umene tikukulimbikitsani. Thanki ya aluminiyamu yolembedwa 48/3000 imawombera timipira pafupifupi 500 ikadzazidwa kamodzi, ya carbon fibre yolembedwa 68/4500 pafupifupi 1,000. Nambala yoyamba ndi kukula kwa thanki, yachiwiri ndi malire a psi. Thanki ya 3000 isalumikizidwe podzazira pa 4500. Kwa kalabu, za aluminiyamu n'zokwanira.

Thanki iliyonse ili ndi deti lodinda pathupi pake. Zambiri zimafunika kuyezedwa ndi madzi, kumene amati hydro test, zaka 5 zilizonse, zina zakale zaka 3, ndipo zambiri za carbon fibre zimapuma zikakwana zaka 15 ngakhale zikuoneka zatsopano. Bwalo labwino limakana kudzaza thanki yodutsa deti. Mafuta kapena girisi asafike pa kabowo kodzazira mpweya, chifukwa mafuta akakumana ndi mpweya wopanikizika kwambiri amatha kuyaka m'kati mwa regulator, chipangizo cha pakamwa pa thanki chochepetsa mphamvu ya mpweya.

Pali ngozi ina imene woyang'anira zida aliyense ayenera kuphunzitsidwa. Mu 2004 bungwe la US Consumer Product Safety Commission linachenjeza anthu, awiri atamwalira pomenyedwa ndi mathanki a CO2 amene anachoka pa valavu yake. Munthu amaganiza kuti akumasula thanki pa mfuti, pomwe valavu yatsalira pa mfutiyo ndipo chimene chikuzungulira ndi botolo lokha. Likamasuka limauluka ngati chipolopolo. Kupewa kwake n'kosavuta. Jambulani mzere wa penti wodutsa pa valavu kufika pa botolo. Pomasula, diso likhale pa mzerewo. Ukangoduka pakati, siyani pomwepo, ikani mfuti pansi mofatsa, anthu atalikire, muitane wodziwa wa pabwalo.

Timipira timabwera m'bokosi la 2,000, m'matumba 4 a 500. Khungu lake ndi gelatin, mkati muli madzi amtundu osungunuka m'madzi. Gelatin amamwa chinyezi, choncho thumba likasiyidwa lotsegula timipira timatupa n'kufewa, timakanirira mu mpope wa mfuti, ndipo tikamenya munthu timangodumpha osasweka. Kukazizira kwambiri timauma n'kumaswekera m'mfuti. M'galimoto yotseka padzuwa timaphwanyika mbali n'kumamatirana. Sungani pamalo ouma, pakati pa madigiri 15 ndi 21, osati pansi pa simenti, ndipo muzitembenuza bokosi sabata ziwiri zilizonse kuti tisachite tizenje pomwe tagundana. Musagule zochuluka kuposa zimene mumalize m'miyezi iwiri kapena itatu. Kampira kogwa pansi kasatoledwe. Pofuna kudziwa ngati timipira tikugwirizana ndi mpope, chotsani mpope, ikani kampira kumbuyo kwake. Kakagubuduka kokha n'kugwa, mpope wakula. Kakakana kutuluka mutauzira ndi pakamwa, mpope wachepa kapena timipira tatupa. Koyenera n'kamene kamaima, n'kutuluka mukauzira pang'ono.

Tsiku loyamba la obwera kumene

Likonzeni mkati mwa masabata atatu oyamba a chaka cha maphunziro, anthu asanamwazikire ku makalabu ena. Ku Britain ndi ku America ndiye cha mu Sepitembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, ku South Africa cha mu Febuluwale. Werengerani timipira 500 pa munthu: anthu 20 ndi mabokosi 5, ndipo onjezani limodzi lapadera. Tolerani ndalama ulendo usanachitike, chifukwa amene sanalipire ndi amene sadzuka Loweruka m'mawa. Auzeni avale malaya a manja aatali, buluku lakale, nsapato zogwira nthaka, ndipo atenge madzi akumwa okwanira tsiku lonse.

Malangizo achitetezo aperekedwe ndi munthu mmodzi, onse ali chete, ndipo asapitirire mphindi 10. Masiki savula m'bwalo pa chifukwa chilichonse, ngakhale masewera atatha, ngakhale penti itadzaza galasi. Amene sakuona agwade, aitane woyimbira. Kunja kwa bwalo mpope uliwonse ukhale utavala sokosi yake, kathumba kotsekera kukamwa kwa mpope, chingwe chake chitakoledwa kumbuyo kwa mfuti, ndipo sokosiyo imavalidwa munthu asanatuluke pa ukonde. Kabatani kokhomera mfuti, ka safety, pakokha sikokwanira. Chala chisakhale pokhethemulira kufikira likhweru litalira. Woyimbira, nyama, ndi munthu amene wakweza dzanja kuti watuluka sawomberedwa. Kutulutsa mfuti pamwamba pa chobisalira n'kumawombera osaona n'koletsedwa. Mdani akakhala pafupi kuposa mamita 3 mpaka 6, malinga ndi lamulo la bwalo, apatsidwe mwayi wogonja.

Mfuti iliyonse idutse pa makina oyezera liwiro, amene osewera amangoti chrono. Womberani katatu, ndipo katatu konse kakhale pansi pa malire. Malire odziwika kulikonse ndi mafiti 300 pa sekondi, koma mabwalo ambiri amaika 280, amene ndi mamita 85 pa sekondi, ndipo kwa atsopano 280 ndiye oyenera. Pa Tippmann 98, kupotokola kasikuluwu ka liwiro kulowa mkati kumatsitsa liwiro. Pa mfuti zina zimasiyana, ndiye werengani kabuku kake. Yezaninso masana mukatha kudya.

Osewera akale muwagawe m'matimu onse awiri, agwire mfuti zobwereka ngati wina aliyense. Apa ndi pomwe makalabu ambiri amadziphera okha. Mnyamata wa timu amabwera ndi mfuti yake yamagetsi, amathira timipira 10 pamsana pa mtsikana amene wagwira mfuti koyamba, ndipo mtsikanayo ndi anzake asanu sabweranso. Masewera akhale aafupi, a mphindi 10 kapena 15, kuti wotuluka msanga asakhale nthawi yaitali akuonerera.

Zikavuta, yambani kuyang'ana apa

Mpweya ukamatuluka pomwe thanki yalumikizana ndi mfuti, vuto ndi kalabala kozungulira ka pakamwa pa thanki, O-ring ya saizi 015. Kamadukaduka chifukwa anthu amamasula thanki mpweya uli m'mfuti. Njira yake: chotsani timipira, lozetsani mfuti kotetezeka, masulani thanki pang'ono chabe, osakwana kuzungulira kumodzi, womberani mpaka mpweya uthe, kenako malizani kumasula. Timalabala timeneti sungani tambiri m'bokosi la zokonzera, n'totsika mtengo.

Mpweya ukamamveka kutuluka mu mpope, ndiye kuti chotsekera cha mu valavu kapena kalabala ka pa bolt, chokankhira kampira mu mpope, kadyeka kapena kauma. Mfuti ya mtundu wa Tippmann ikamachita phokoso longa ikutsokomola, bolt osabwerera m'malo mwake, mpweya watha, kapena bolt yauma ndipo ikufuna madontho awiri a mafuta a paintball. Mfuti zofuna girisi, monga Emek, zipakidwe girisi amene kabuku kake kanena. Mafuta a galimoto ndi WD-40 amawononga timalabala.

Timipira tikamakhota m'malere, mu mpope muli penti. Kampira kamodzi kakaswekeramo, tonse totsatira timapotoka mpaka mutapukuta ndi squeegee, kandodo kopukutira mu mpope. Tikamasweka pafupipafupi, yang'anani zinthu zitatu motsatana: timipira tokha ngati tauma kapena tachita tizenje, hopper, chosungira timipira pamwamba pa mfuti, ngati ikugwetsa timipira mochedwa kotero bolt ikudula kampira kali pakati, ndi detent, kalabala kogwira kampira kuti kasagubuduke. Detent ikadyeka, timipira timatuluka tiwiritiwiri kapena timagwa tokha mfuti ikaloza pansi. Liwiro likamadumphadumpha pa chrono, pa CO2 ndiye kuti yamadzimadzi yalowa mu valavu, pa HPA ndiye kuti regulator yada kapena timipira n'tosiyana kukula.

Mukabwera kuchokera kubwalo, zida zitsukidwe tsiku lomwelo ndi anthu onse amene anasewera. Penti ikagona pa masiki imadya thovu la m'mphepete ndi galasi lomwe. Mamasiki aume kaye asanalowe m'kabati.

Za mipikisano

Timu ya mpikisano ibwere kalabu itakhazikika. Masewera ake ndi a anthu 5 mbali iliyonse, pabwalo la mamita pafupifupi 45 m'litali ndi 36 m'lifupi, lokhala ndi zobisalira zopopa mpweya. Wosewera mmodzi atha kumaliza bokosi lathunthu la 2,000 pa tsiku limodzi lokonzekera, ndiye ndalama za timu zikhale ndi thumba lakelake. Ndalama za umembala wa anthu 40 zikamathera pa timipira ta anthu 7, kalabu imagawikana.

Buku la mbiri ya kalabu

Gulani buku lachikuto cholimba, ndipo tsegulaninso foda ya pa intaneti yomangidwa pa imelo ya kalabu, osati ya munthu. Imelo ya wophunzira imatsekedwa akamaliza sukulu, ndipo zithunzi za zaka zinayi zimapita nayo. Ntchito yolemba ndi ya mlembi, ndipo ilembedwe m'malamulo kuti ndi yake.

Tsamba loyamba likhale ndi deti limene yunivesite inavomereza kalabu, mayina a komiti yoyamba, ndi kope ya malamulo oyamba. Malamulo akasinthidwa, akale asatayidwe. Pa ulendo uliwonse lembani deti, bwalo, anthu angati, mabokosi angati, mtengo wa bokosi, ndi chimene chinavuta. Mizere isanu yakwana. Pa mpikisano lembani dzina lake, gawo limene munasewera, osewera, ndi zotsatira za masewera aliwonse, ogonja omwe. Kalabu imene imalemba zopambana zokha imasiyira am'mbuyo nthano, ndipo msungichuma wa zaka zisanu zikubwerazo sangaphunzirepo kanthu.

Kumapeto kwa bukulo kukhale kaundula wa zida. Mfuti iliyonse ndi thanki iliyonse ipatsidwe nambala ya kalabu yolembedwa ndi penti, ndipo m'kaundula mulembe nambala ya kufakitale, deti logulira, mtengo, komwe ndalama zinachokera, deti la hydro test yotsatira, ndi chilichonse chimene chinasinthidwa. Pa masiki lembani deti limene galasi linaikidwa. Ngozi iliyonse, ngakhale yaing'ono ngati masiki kugwa munthu akuthamanga, ilembedwe pamodzi ndi chimene munasintha pambuyo pake. Tsiku limene akuluakulu a sukulu adzafunse ngati kalabuyi ndi yotetezeka, masamba amenewa ndi amene adzayankhe.

Zithunzi zimavuta chifukwa aliyense wavala masiki. Pakatha zaka zitatu palibe angadziwe kuti wa jezi yofiira uja ndi ndani. Choncho pa ulendo uliwonse jambulani chithunzi chimodzi cha gulu kunja kwa bwalo, mamasiki atavula, mipope ili m'masokosi, ndipo dzina la fayilo liyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako bwalo. Mayina alembedwe kuyambira kumanzere, eni ake atavomera. Jezi imodzi ya mtundu uliwonse umene kalabu yasoketsa isungidwe, yosavalidwa.

Mwina mwalandira kalabu yakale yopanda buku, kapena mukudzutsa imene inafa. Yambani ku ofesi imene imalembetsa makalabu, mupemphe mafomu akale olembetsera chaka ndi chaka, poti pamenepo pali mayina a makomiti ndi zaka zake. Pitani ku laibulale ya yunivesite, gawo losunga zakale, mukafufuze nyuzipepala ya ophunzira ya masabata oyamba a chaka chilichonse, nthawi imene makalabu amalengeza. Adiresi ya tsamba lakale la kalabu ilembeni mu Wayback Machine ya Internet Archive, malo a pa intaneti osunga masamba akale, mwina mupeza mndandanda wa osewera ndi zotsatira. Pa Facebook pitani ku zithunzi zakale kwambiri. Musaiwale mwini bwalo: iye amakhalapo ophunzira akusinthana, ndipo nthawi zambiri amakumbukira makomiti anayi kapena asanu otsatizana. Zida zakale za m'kabati nazo zimalankhula, chifukwa deti lodinda pa thanki limakuuzani chaka chimene kalabu sikanatha kuigula chisanafike.

Mukapeza mamembala akale, chezani nawo mmodzimmodzi kwa mphindi 30 kapena 40, mujambule mawu atakulolani. Musafunse kuti kalabu inayamba liti, poti aliyense amawerengera kuyambira chaka chimene iye analowa. Funsani kuti pamene inu munkalowa wapampando anali ndani, munkasewera bwalo liti, munkapita pa galimoto ya ndani, jezi inali ya mtundu wanji. Mayankho otere amalumikizana okha ngati unyolo. Deti lililonse litsimikizidwe ndi maumboni awiri, ndipo pepala la nthawi yomweyo likhulupiriridwe kuposa zimene munthu akukumbukira. Awiri akasiyana, lembani zonse ziwiri ndi dzina la amene ananena. Zaka zimene kalabu inagona zilembedwe kuti inagona, osazilumpha.

Mamembala akalewo musawataye mukatha kuwafunsa. Konzani tsiku limodzi pachaka la akale kulimbana ndi atsopano. Ambiri a iwo tsopano ali pantchito, ndipo mamasiki kapena mathanki amene anasiya kugwiritsa ntchito amathera m'kabati ya kalabu, bola deti la thanki liyang'anidwe isanalandiridwe.

Tsiku lopatsirana udindo, makomiti onse awiri akumane pa kabati ya zida. Atulutse chilichonse, awerenge mogwirizana ndi kaundula, oyang'anira zida awiriwo asaine pansi pa tsambalo ndi deti. Mapasiwedi asinthidwe pomwepo, nambala ya foni yobwezeretsera akaunti ichotsedwe ya wotuluka, iikidwe ya wolowa. Wapampando wotuluka alembe tsamba limodzi la zimene zinayenda, zimene zinakanika, ndi ngongole kapena malonjezo amene atsala, kenako atenge wolowa m'malo mwake kukamuonetsa kwa mwini bwalo ndi kwa wa mu ofesi ya makalabu. Kope ya masamba a chakacho ikasiyidwe ku laibulale ya yunivesite temu isanatseke.